Musanagawe magawo a sewero lanu, kamvereni a pa benchi

Kuyambira pa Dyeratu mpaka ku Bangula, achinyamata ambiri tsopano akujambula timasewero toseketsa pa foni n'kumatiponya pa Facebook ndi TikTok. Nkhani zake zimakhala zabwino ndithu, koma tambiri timagwera pamodzimodzi: gawo apatsa munthu wosayenera. Ine ndimatsogolera kagulu ka zisudzo kuno ku Nchalo, ndipo posankha anthu ndimadalira kwambiri pakamwa pa oonera.

Yambani ndi kulowa mu vidiyo sho. Lipirani pakhomo, khalani benchi yakumbuyo, ndipo maso anu akhale pa anthu, osati pa filimu. Mu Okutobala chisakasa cha malata kuno sichikhalitsa munthu, ndiye amene wakhalabe mpaka kumapeto thukuta lili chuchuchu, chilipo chamugwira. Mverani mawu amene amatuluka okha. Patience Ozokwor wa ku Nigeria akaonekera ngati mpongozi wankhanza, wina amakuwa kuti, "Mayi ameneyu ndi mfiti yeniyeni!" Pamenepo dziwani kuti amene anam'patsa gawolo anaidziwa ntchito yake. Koma mukamva kuti, "Aaa, uyu akungoyerekeza," kapena anthu ayamba za mpira filimu ili mkati, wosewerayo sanamukhulupirire.

Mukabwerako, lembani anthu a m'nkhani yanu musanaganize za anzanu. Musangoti "mayi wa bizinesi". Lembani kuti ndi mayi wogulitsa mlamba wowamba pamsika wa Bangula, wolankhula mofulumira, wodana ndi ngongole. Kapena wakabaza wodziwa nkhani za banja lililonse, kapena kapitawo wa odula nzimbe amene kuntchito amaopedwa koma kunyumba salankhula. Mukatero m'pamene muzifunsa kuti ameneyu ndani pakati pathu. Mwini foni, mwini njinga yamoto yonyamula gulu, ngakhale chibwenzi cha wotsogolera, onsewa asalandire gawo lalikulu chifukwa cha zimenezo. Ntchito zina zilipo: kujambula, kusamala mawu, kuletsa ana kudutsa kutsogolo kwa kamera.

Poyesa anthu, ayeseni awiriawiri. Izeki ndi Jakobo anthu amawakumbukirabe, ngakhale John Nyanga anatisiya mu 2016 ndipo Eric Mabedi mu 2021, chifukwa kuseketsa kwawo kunali pa kuyankhana: wina akaponya mawu, mnzake amawakha nthawi yomweyo. Zimenezo simungazione munthu ali yekha akunena mawu oloweza. Apatseni kankhani kopanda zolemba, monga mkamwini amene wakumana ndi apongozi ake pa bawo ali ndi ngongole yawo ya mbuzi. Jambulani mphindi ziwiri, kenako asinthaneni. Mudzapeza mnyamata amene ndi uyu anali zii, koma mutam'phatikiza ndi wina wayaka moto. Yang'aniraninso amene amadziwa kukhala chete mnzake akamalankhula, nkhope yokha ikugwira ntchito. Ameneyo musam'taye, ndi wosowa kuposa wolongolola. Kuyesaku chitani m'mamawa kapena dzuwa litapendeka, chifukwa masana foni imatentha n'kuzima yokha.

Nkhani ya chilankhulo ndiye muisamale kwambiri. Mu 2019 filimu ya William Kamkwamba, The Boy Who Harnessed the Wind, inatuluka pa Netflix. Anaijambula ku Kasungu, ndipo tonse tinanyadira, koma gawo la William anasewera Maxwell Simba wa ku Kenya, la bambo ake Chiwetel Ejiofor wa ku Britain, ndipo Amalawi ambiri anadandaula kuti Chichewa chawo chinali chovuta kumva. Anthu akunja sanaone vuto, eni chilankhulo analimva pa chiganizo choyamba. Kuno kuchigwa n'chimodzimodzi. Ngati munthu wa m'nkhani yanu ndi wa ku Marka kapena ku Makhanga, gawolo lipite kwa amene anayamwa Chisena. Ngati ndi wa kwa Lundu, apezeke wolankhula Chimang'anja chenicheni. Mukatenga wongotsanzira, a ku Nsanje samaseka, amaona ngati chipongwe, ndipo salakwa.

Magawo a akuluakulu apatseni akuluakulu. Pabwalo la sukulu mnyamata wothira ufa kumutu amatha kukhala gogo, koma kamera imayandikira, ndipo ndi kutentha kwathu kuno ufawo umatsika ndi thukuta n'kupanga mizere yoyera m'masaya. Pitani kwa agogo enieni, mukhale pansi, munene kuti, "Agogo, tabwera kudzapempha kuti mutithandize pa sewero lathu." Ambiri amavomera, ndipo amabwera ndi miyambi imene inu simukanailemba. Mwana aliyense amene mukufuna, yambani mwapempha makolo ake.

Tsopano tengani timavidiyo toyesera tija mupite nato kwa anthu amene si a gulu lanu: amayi a pa mjigo, odikira pachigayo, akabaza a pa siteji. Musawafunse kuti, "Zili bwanji?" Adzati zili bwino pokulemekezani. Ingowapatsani foni muzionerera. Kodi anena kuti, "Tabwezani pamene paja"? Kodi aitana mnzawo kuti adzaone? Chizindikiro chachikulu chimabwera mawa lake, mukamva wina akubwereza mawu a m'sewero panjira, kapena akuitana wosewera wanu ndi dzina la m'nkhani. Michael Usi anthu sanasiye kumutchula Manganya ngakhale atakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu 2024, ndipo Bon Kalindo ambiri amangomudziwa kuti Winiko.

Koma kuseka kuli mitundu iwiri, ndipo muyenera kuisiyanitsa. Kwina anthu akuseka zimene munthu wachita m'nkhani, kwina akuseka chibwibwi chake, mwendo wake, kapena khungu lake. Kwachiwiriku kumamveka kwambiri pa benchi, koma musakutsatire. Munthuyo mawa adzadutsa pamsika yekha, inu mulibe. Ngati ali ndi luso, m'patseni gawo la mphunzitsi, la sing'anga, la mfumu, limene anthu adzam'sekerere chifukwa cha nzeru zake.

Amene sanasankhidwe muuzeni pambali, osati pagulu, ndipo ngati n'kotheka m'patseni kagawo kakang'ono. Sewero likatuluka, werengani ndemanga zonse modekha, ngakhale zopweteka. Za anzanu apamtima musaziwerengere kwenikweni. Mukaona anthu osawadziwa akufunsa kuti, "Mayi wa mlamba uja ali kuti?" pomwe anangoonekera kamodzi, sewero lotsatira mulilembe momuzungulira iyeyo.