Thanki yatsopano inkazimitsa injini: vuto linali paipi yopumira

Ndinachotsa thanki ya malita 80 pa Hilux yanga ya dizilo n'kuika yachitsulo ya malita 140, chifukwa ulendo wa ku Nyika umafuna mafuta okwanira kupita ndi kubwerera ku Rumphi. Ndinasankha yokhala ndi zitseko m'kati kuti mafuta asamakhavuke pa zitunda.

Koma nditayenda ngati ola limodzi, galimoto inkayamba kufooka, kenako n'kuzima. Ndikadikira pang'ono inkalira bwinobwino. Ndinasintha fyuluta, ndinapopa kuchotsa mpweya m'mapaipi, osathandiza.

Chinandiululira ndi chivindikiro cha thanki. Nditachitsegula galimoto itangozima, ndinamva mpweya ukulowa mwamphamvu, fuu! Mafuta akamachoka mu thanki, mpweya uyenera kulowa m'malo mwake. Ukalephera, pampu imakoka pachabe mpaka injini imasowa dizilo.

Ndinatsitsa thanki pang'ono ndi jeke, mafuta ali ochepa. Paipi yopumira, yomwe imalowetsa mpweya mu thanki, inali itapindika, yatsinidwa pakati pa thanki ndi chasisi. Ndinagula ina ya mamita 2 yopirira dizilo, osati ya madzi, ndi makilampu anayi. Apa ndi pofunika kudekha: ndinaikweza mowongoka mpaka pafupi ndi pothirira mafuta, popanda malo otsika pomwe dizilo angakhazikike n'kutseka njira. Kukamwa kwake ndinakuyang'anitsa pansi n'kuikapo kafyuluta, kuopa fumbi ndi madzi powoloka mitsinje.

Ndisanamange, ndinauzira m'paipiyo kuti ndimve ngati mpweya ukudutsa, ndinaonanso kuti paipi yobweza dizilo wotsala kuchokera ku injini kupita mu thanki sinatsinidwe. Ntchito yonse inatenga maola 3, ndipo galimoto sinazimenso.