Momwe mungasamalire makhadi akale a masewera kuti musadzanong'oneze bondo

Ku America kuli dandaulo limene abambo ambiri a imvi amalinena akangomva za makhadi a baseball: "Anga anataya ndi amayi." M'zaka za m'ma 1950 mnyamata ankagula chingamu cha Topps, m'paketimo n'kupezamo timakhadi ta zithunzi za osewera, n'kumatiunjika m'katoni ya nsapato. Akachoka pakhomo kupita ku koleji kapena ku usilikali, amayi posesa ankaponya katoniyo kudzala. Ena ankawononga okha, kupanira makhadiwo ku masipoko kuti njinga izilira ngati yamoto. Mu Ogasiti 2022 khadi limodzi la nthawi imeneyo, la Mickey Mantle wa New York Yankees lotuluka mu 1952, linagulidwa pa okushoni ya Heritage Auctions pa madola 12.6 miliyoni. Mwini wake, Anthony Giordano, analigula mu 1991 pa madola 50,000.

Ine izi ndinazidziwa mochedwa. Nditangofika kuno ku America, Loweruka lina ndinaima pakhomo pena pomwe ankagulitsa katundu wa malemu agogo awo pabwalo. Ndinkafuna mapoto. Pansi pa tebulo panali katoni ya makhadi ofumbutuka, onunkha chinyontho, akuti madola 20 yonse. Ndinaisuzumira, n'kunyamula mapoto anga. Mnzanga wakuntchito nditamuuza anagwira mutu, ndipo pomwe ndinkabwererako madzulo katoni inali itapita. Ndikanadziwa ndikanaphika therere. Mukadzakumana ndi katoni yotere, kaya pogula, kaya apongozi akusiyirani, tsatani izi.

1. Musataye, komanso musakonze

Mu 2016 banja lina likuchotsa katundu m'nyumba ya agogo awo amene anamwalira kalekale linapeza kathumba kapepala kong'ambika, kooneka ngati zinyalala. Munali makhadi 7 a katswiri wakale wa baseball Ty Cobb, a mtundu wosowa kwambiri, a zaka zoposa 100. Mu 2012 ku Defiance, m'chigawo cha Ohio, achibale ena anapeza makhadi pafupifupi 700 a cha m'ma 1910 m'kachipinda ka kudenga, ambiri ali atsopano ngati adzulo. Wina akanangoti "tiyeni tiyeretse msanga", zonsezo zikanathera m'galimoto ya zinyalala.

Choopsa chachiwiri ndi manja anu. Ife tinakula tikudziwa kuti chogulitsa uyenera kuchipukuta kuti chioneke bwino. Apa ayi. Musapukute ndi kansalu konyowa, musasite, musamate ndi guluu kapena selotepi, musadzoze inki pomwe pasuluka, ndipo lumo kapena sizasi zisayandikire m'mbali mwake. Akatswiri amayeza kukula kwa khadi ndipo amaona m'mphepete ndi galasi lokulitsa. Akaona kuti lakhudzidwa salipatsa giredi, nambala yosonyeza ubwino wa khadi, mtengo n'kugweratu. Ngakhale khadi lotchuka la Honus Wagner, katswiri wina wakale wa baseball, limene wosewera hockey Wayne Gretzky ndi wabizinesi Bruce McNall anagula pa madola 451,000 mu 1991, linali lodulidwa m'mbali: wamalonda Bill Mastro anavomera yekha kukhoti mu 2013 kuti ndiye analidula. Ilo linapulumuka chifukwa cha mbiri yake. Lanu silidzapulumuka.

2. Pezani chaka, apa ndi pomwe pagona nkhani

Tembenuzani khadi. Kumbuyo kumakhala dzina la kampani, nambala ya khadi, ndi zigoli za wosewerayo chaka ndi chaka; chaka chomaliza pamndandandawo chimakuuzani kuti khadi linatuluka chaka chotsatira. Patulani milu itatu: isanafike 1980, kuyambira 1980 mpaka 1986, ndi kuyambira 1987 kupita m'tsogolo.

Mulu wachitatuwo ndi umene unandilangira kachiwiri. Chifukwa cha mkwiyo wa katoni ija, mwezi wotsatira ndinagula makatoni awiri a makhadi a 1990 pa madola 40, onyezimira, osapindika n'komwe. Kusitolo ya makhadi anangoseka nati ndikawapatse ana. Kuyambira cha m'ma 1987 mpaka 1994 makampani monga Topps, Fleer, Donruss ndi Score anasindikiza makhadi osawerengeka, chifukwa anthu anali atamva kale kuti makhadi ndi ndalama. Aliyense anasunga, palibe mayi anataya. Eni ake amati nyengo ya junk wax, kutanthauza zachabechabe. Alipo ochepa ofunidwa, monga la Ken Griffey Jr. la Upper Deck la 1989, koma nalonso limakwera mtengo pokhapokha likhale lopanda banga.

Makhadi akale ndi odula chifukwa ambiri anawonongeka. Sy Berger wa ku Topps ankafotokoza kuti makhadi a 1952 a manambala omalizira, momwe muli la Mantle lija la nambala 311, anatuluka nyengo ya masewera ikutha ndipo sanayende malonda. Atakhala zaka m'nyumba yosungiramo katundu, cha m'ma 1960 anawakweza m'bwato n'kukawataya m'nyanja ya Atlantic. La Wagner, wa Pittsburgh Pirates, linkaikidwa m'mapaketi a ndudu a American Tobacco Company pakati pa 1909 ndi 1911, koma mwini nkhope anakaniza, ndiye anatuluka ochepa. Odziwika lero ndi pafupifupi 60, ndipo lina linagulidwa pa madola 7.25 miliyoni mu 2022.

M'milu yanuyo sakani mayina akuluakulu: Mantle, Willie Mays, Hank Aaron, Jackie Robinson, Roberto Clemente. Khadi loyamba la wosewera, lomwe amati rookie card, ndilo limalimbiranidwa kwambiri.

3. Liyang'aneni ngati mukugula, osati ngati mwini

Sambani m'manja, umitsani, gwirani khadi m'mbali, pafupi ndi windo. Onani zinthu zinayi: ngati chithunzi chili pakatikati, ngati makona ali osongoka, ngati m'mphepete simunathetheke, ndi ngati pamwamba palibe mzere wopindika kapena dontho. Lipendeketseni pang'ono, mizere yobisika imaonekera kuwala kukagunda cham'mbali. Mwini khadi nthawi zonse amaliona lokongola kuposa momwe lilili.

Samalani ndi chikomekome cha mkuyu. Khadi la 1952 loyera mbee, lonyezimira, kawirikawiri limakhala losindikizidwanso. Topps yeniyeniyo inatulutsanso makhadi a chaka chimenecho mu 1983, ndipo kumbuyo kwake analembako. Achinyengo nawo amanyika khadi latsopano mu tiyi kuti lioneke lokalamba.

4. Sungani

Vulani malabala onse, amadya m'mbali. Khadi lililonse labwino lilowe m'kajumbo kofewa kotchedwa penny sleeve, kenako m'kapulasitiki kolimba kotchedwa toploader. Muike m'kabati ya m'chipinda chogona, kutali ndi dzuwa. M'galaja ndi m'chipinda chapansi muli chinyezi, nkhungu ndi mphemvu.

5. Fufuzani mtengo umene anthu analipira

Pa eBay, msika wa pa intaneti, munthu akhoza kulemba mtengo uliwonse umene walota usiku. Lembani chaka, kampani, dzina ndi nambala ya khadi, kenako sankhani kuona okhawo amene anagulidwa kale, ndipo yerekezani ndi ofanana ndi lanu pa kukongola. Khadi lomwelo lopindika ndi losapindika zimasiyana ngati nkhuku ndi ng'ombe.

6. Tumizani kwa opereka giredi, koma osati onse

Kampani ya PSA, yomwe inayamba mu 1991, pamodzi ndi SGC ndi Beckett, amaona ngati khadi ndi lenileni, n'kulipatsa nambala kuyambira 1 mpaka 10, n'kulitsekera m'pulasitiki. La Mantle lija linapeza 9.5 ku SGC. Amalipiritsa pa khadi lililonse, ndipo likakhala lodula nawonso amakweza. Musawononge ndalama pa khadi la madola 5. Musanatumize jambulani kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo phukusi likhale ndi inshuwalansi.

7. Pogulitsa

Madandaulo ambiri amene ndamva m'masitolo a makhadi ndi a apa. Munthu amalowa ndi katoni, wamalonda amaipenda mphindi zitatu, n'kunena mtengo umodzi wa zonse. Ndalama ili patebulo, lendi ikudikira, munthu n'kulandira. Wamalondayo si wakuba, akugula kuti akagulitse, ndipo waona makhadi awiri kapena atatu amene abweze ndalama yake kangapo. Yambani mwapatula abwinowo, funsani anthu atatu, ndipo ngati lilipo lodula kwambiri lankhulani ndi a okushoni monga Heritage, Goldin kapena Robert Edward Auctions, mutafunsiratu kuti iwo adulapo zingati.

Koma kugwiritsitsa nako kumaliritsa. Kumayambiriro kwa 2021, anthu atatsekeredwa m'nyumba ndi Covid-19, khadi la katswiri wa basketball Michael Jordan la Fleer la 1986 la giredi 10 linafika pa madola 738,000. Pasanathe zaka ziwiri linali litatsika kupitirira theka. Amene anati "lifika miliyoni" anatsala akukukuta mano, amene anagula pamwambapo ndiye osanena. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ine ndimati ngati muli ndi angapo, gulitsani ena mitengo ikakwera, ena musunge, ndipo mukagulitsa lekani kumayang'ananso mtengo wake usiku uliwonse.

Kwa ife a mpira wamiyendo njira ndi yomweyi. Khadi la Pelé la 1958, lopangidwa ndi kampani ya Alifabolaget ya ku Sweden, linagulidwa pa madola 1.33 miliyoni mu 2022. Panini ya ku Modena, m'dziko la Italy, inatulutsa buku lake loyamba la masitika a World Cup mu 1970, ndipo abale amene ali ku Britain amatha kukumana ndi mabuku otere pa misika ya kaunjika ya Lamlungu. Sitika yosamatidwa, yokhala ndi pepala lake lakumbuyo, ndiyo ogula amaifuna. Yomatidwa kale musaimatule, bukulo ligulitseni lathunthu.

Mukamaliza zonse tengani pepala, lembani zomwe zili m'katonimo, mtengo wake wongoyerekeza ndi tsiku, muike pamwamba penipeni. Muwaonetsenso akunyumba, makamaka amene amakonda kusesa.