Kuchotsa nambala zobwereza pa array yosanjidwa kale popanda kupanga ina

Malangizo awa ndi a inu amene mukuphunzira kulemba mapulogalamu a pakompyuta ku University of Malawi kuno ku Zomba, komanso achinyamata amene mumathandiza makalabu a alimi ku Thondwe, ku Jali kapena ku Domasi kusunga kaundula wa mamembala. Vuto limayamba anthu angapo akalemba alimi pa mafoni awo. Mukaphatikiza zonse, nambala ya mlimi mmodzi imapezeka kawiri kapena katatu. Mukazisiya choncho, tsiku logawa mbewu wina alandira kawiri pamene mnzake akubwerera chimanjamanja.

Musanachite chilichonse, onetsetsani kuti array yanu (mndandanda wa nambala mu pulogalamu) yasanjidwa kuyambira nambala yaing'ono mpaka yaikulu. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Ikasanjidwa, nambala zofanana zimakhala moyandikana, ndiye simusowa kufufuza mndandanda wonse. Mumangoyerekeza nambala imene mwafikapo ndi imene mwasunga komaliza.

Ambiri amathamangira kufufuta yobwerezayo pomwe aipezera, ndi malamulo a Python a remove kapena pop. Chonde musatero. Mu Python, mukachotsa chinthu pakati pa list (array ya mu Python), zonse zotsatira zimasuntha kudzatseka mpatawo, ndipo pa kaundula wamkulu kompyuta imachedwa kwambiri. Choopsa china n'chakuti mukamafufuta loop (gawo la pulogalamu loyendera nambala imodziimodzi) ili mkati, imadumpha nambala zina osakuuzani. Ena amaponya zonse mu set, chosungira cha Python chimene sichilola zinthu zobwereza. Imachotsadi zobwereza, koma imadya memory ina ndiponso siisunga dongosolo limene munasanja.

Njira yabwino ndi yogwiritsa ntchito zala ziwiri, monga amachitira mlembi wa kalabu poyendera kaundula. Chala choyamba, tichitche i, chimawerenga nambala iliyonse mpaka kumapeto. Chachiwiri, k, chimaloza malo amene nambala yatsopano ilembedwe, ndipo sichisuntha pokhapokha yatsopanoyo itapezeka. Nayi njirayi mu Python, pamene a ndi array yanu:

def chotsa_zobwereza(a):
    if len(a) == 0:
        return 0
    k = 1
    for i in range(1, len(a)):
        if a[i] != a[k - 1]:
            a[k] = a[i]
            k += 1
    return k

Kumbukirani kuti kompyuta imayamba kuwerenga malo pa 0. Nambala ya pamalo 0 ilibe yoifananitsa nayo, n'chifukwa chake zala zonse zikuyambira pa 1.

Tengani pepala ndi cholembera, tiyese ndi 3, 3, 7, 7, 7, 12, 15, 15. Chala chowerenga chapeza 3 wachiwiri, wafanana ndi amene tasunga, chadutsa. Chafika pa 7, ndi watsopano, timulemba pamalo 1 pamene panali 3 wachiwiri uja, k n'kukhala 2. Ma 7 awiri otsatira chawadutsa. Kenako 12 alembedwa pamalo 2, 15 pamalo 3, ndipo 15 womaliza wadutsidwa. Musaope kuti mufufuta nambala musanaiwerenge, chifukwa k sangapitirire i. Paliponse pamene mukulemba, chala chowerenga chafikapo kale.

Tsopano yang'anitsitsani array yathu: 3, 7, 12, 15, 7, 12, 15, 15. Apa ndi pamene ndimaona ophunzira ambiri akukhumudwa, amvekere pulogalamu yalakwa. Siinalakwe ayi. Yabweza 4, kutanthauza kuti malo anayi oyambirira ndiwo yankho, ndipo enawo ndi zotsalira zopanda ntchito. Mu Python muzidule ndi del a[k:]. Mu C array siifupika, choncho sungani k ndipo paliponse muziwerenga mpaka pamenepo basi. Mu C++ muli std::unique imene imagwira ntchito yomweyi, nayonso siidula mchira. Mumafunika kuitana erase pambuyo pake.

Ubwino wake mwauona. Array mwaiyenda kamodzi kokha, ndipo ngakhale itakhala ndi nambala 100,000, mungoyerekeza maulendo 99,999 popanda kupanga mndandanda wina. Pa laputopu yakale kapena foni ya memory yochepa, zimenezi n'zofunika kwambiri.

Musanaidalire, iyeseni ndi array yopanda kanthu, ya nambala imodzi, ndi ya nambala zofanana zokhazokha. Iyeseninso ndi 3, 7, 3 yosasanjidwa. Muona kuti 3 watsala kawiri, monga zimachitikira ndi uniq, lamulo la pa Linux lochotsa mizere yobwereza, mukaiwala kuyamba ndi sort kuti musanje mizereyo.

Pa kaundula wa alimi, ndikukupemphani kuti musachotse anthu poyang'ana mayina okha. M'mudzi umodzi mutha kukhala anthu awiri a dzina limodzi ndi mfunda umodzi. Yerekezani nambala ya chiphaso cha unzika kapena nambala ya umembala. Ndipo poti njirayi imalemba pamwamba pa zakale, sungani kaye fayilo yoyambirira pa fulashi musanayendetse pulogalamu.