Chiswe chinadya nsanamira za shedi

Shedi yanga yosungiramo makasu, feteleza ndi matumba a chimanga inayamba kupendekera mbali imodzi mvula itangoyamba. Nditakumba m'munsi mwa nsanamira ziwiri za bulugamu, ndinapeza chiswe chitadya mkati monse, kunja kukuoneka bwinobwino. Kubaya ndi mpeni, unkangolowa.

Ndinachirikiza denga ndi mitengo ya mphanda n'kuzula nsanamirazo. Zatsopano ndinazisenda makungwa, kuziwamba pamoto kumunsi mpaka zitada, n'kuzipaka oyilo wakutha wa galimoto. M'maenje ndinayamba kuponyamo miyala, kenako simenti yosakaniza ndi mchenga, n'kuikweza pang'ono pamwamba pa nthaka kuti madzi asamadikhe patsinde. Ena amangokwirira ndi dothi, koma kuno chulu chili pafupi. Matumba tsopano ndimawasanja pa matabwa oyala pa njerwa.