Musanafese njere za msangu, onani ngati muli anankafumbwe

Amene mumatolera makoko a msangu kuti mufese pa nazale, musadzaze machubu musanaone izi. Ine ndinaonongapo dothi ndi madzi a mwezi wathunthu pa njere zomwe zinali mphako zokhazokha.

Yang'anani kabowo pa njere. Kakakhala kozungulira bwinobwino ngati koboola ndi msomali waung'ono, kabooledwa ndi kachilombo ka mtundu umodzi ndi anankafumbwe a nyemba, ndipo katuluka kale. Bowo losalongosoka, lokhala ndi zitosi ndi ulusi ngati wa kangaude, ndi la mbozi ya gulugufe.

Kachilombo koboola kabowo kozungulira kaja n'kakang'ono, mamilimita 2 mpaka 5, kofumbirira, mapiko ake aafupi osafika kumatako. Kalibe mlomo wautali ngati nankafumbwe wa chimanga, musasokoneze. Mukafuna kukaona ndi maso, ikani makoko angapo m'botolo, mangani kansalu pakamwa, dikirani milungu ingapo.

Zovuta ndi njere zooneka zabwino koma mphutsi ili m'kati. Mazira amaikiridwa pa khoko, mphutsi n'kuboola kulowa m'njere, kabowo kolowera sikaoneka n'komwe. Ndiye swani makoko tsiku lomwe mwatolera, thirani njere m'beseni la madzi. Zoyandama tayani, zambiri zadyedwa. Zomira muumitse msanga, muike m'botolo lotseka bwino. Muli ndi firiji youmitsa madzi? Ikanimo botololo sabata imodzi, njere zitauma ndithu. Mphutsi zotsala zimafa.

Musasunge makoko m'thumba osaswa. Tizilomboti timaswanirana momwemo, thumba lonse n'kutha.