Kubweza ngongole ya chiwongola dzanja chokwera pamene mbiri yanu inaipa kale

Munthu akamira mu ngongole, maganizo amathamangira kokakongola kwina kuti atseke kuno. Kwa amene amabweza bwino, nthawi zina zimatheka. Koma ngati munadumphitsapo miyezi ndipo dzina lanu linafika ku mabungwe osunga mbiri ya okongola, wokongoza aliyense amakukayikirani: amakweza chiwongola dzanja kapena amafuna chikole. Ndiye tiyeni tiyambire pa zimene zili m'manja mwanu.

Tengani pepala mulembe ngongole iliyonse, ya kubanki, ya pafoni, ya katapila, ngakhale ya mnzanu. Pambali pake lembani ndalama yotsala, tsiku lolipira ndi chiwongola dzanja. Apa ndi pamene ambiri amagwa. Wina amatchula chiwongola dzanja cha pamwezi, wina cha pachaka, ndipo 10 peresenti imamveka yopepuka poyerekeza ndi 30 peresenti. Koma 10 peresenti ya pamwezi ndi 120 peresenti pachaka. Ndipo ngati chiwongola dzanjacho chikuwerengedwanso pa chiwongola dzanja chakale, ngongole yosakhudzidwa imakhala itawirikiza kawiri m'mwezi wa 8, chaka chikamatha yapitirira katatu. Choncho zonse muziike pa muyeso umodzi, wa pachaka, kuti muone imene ikukudyani kwambiri.

Mukaiona, ndi imeneyo yolimbana nayo. Zinazo muzilipira kandalama kochepa kamene munagwirizana, kuti chindapusa chisakugwereni, koma ndalama iliyonse yapadera ipite ku yolusayo. Ikatha, zonse zimene munkapereka kumeneko zisamukire ku yotsatira. Ena amayamba ndi kangongole kakang'ono kuti akaona katha alimbe mtima. Sindiwatsutsa, chifukwa mtima ukafooka bajeti siyenda, koma dziwani kuti njira imeneyo imawononga ndalama zambiri ngati yolusa ija ikupitiriza kukula.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi kuona munthu akuzima foni pothawa wokongoza. Manyazi ndi omveka, koma kubisala kumangowonjezera chindapusa. Pitani nokha musanaitanidwe, mutanyamula pepala lija. Nenani zimene mumapeza pamwezi ndi zimene mungakwanitse, osati zokondweretsa woyang'anira ngongole. Pemphani kuti achotse chindapusa, atsitse chiwongola dzanja, kapena akonzenso ndondomeko yobwezera. Ambiri amamvetsera, poti kulandira pang'onopang'ono kumawapindulira kuposa kuthamangitsana kukhoti. Funsaninso kuti ndalama mukapereka imayamba yatseka chiyani, chifukwa kawirikawiri imayambira ku chindapusa ndi chiwongola dzanja, yotsalayo ndiye n'kukhudza ndalama imene munakongola. Zimene mwagwirizana zilembedwe, ndipo malisiti musunge.

Akakuuzani za kuphatikiza ngongole zonse kukhala imodzi, musakopeke ndi kuchepa kwa ndalama ya pamwezi. Ichulukitseni ndi miyezi yonse, muwonjezerepo ndalama zolembetsera. Nthawi yobweza ikatalika, mutha kulipira zambiri kuposa poyamba. Ndipo ngati akufuna nyumba kapena galimoto ngati chikole, ganizani mofatsa: mukalephera, mudzataya chinthu chimene ngongole zakalezo sizikanachikhudza msanga.

Za mbiri yanu, pemphani lipoti ku bungwe loisunga muliwerenge bwino. Mukapeza ngongole imene munamaliza koma ikuonekabe, kapena imene si yanu, dandaulani ndi umboni kuti akonze. Koma zimene zili zoona palibe angazifufute ndi ndalama. Amene akuti mumulipire kaye kuti ayeretse dzina lanu, kapena kuti ngongole yanu ivomerezedwe, musamupatse kanthu. Mbiri imakonzeka ndi kulipira pa tsiku lake mwezi ndi mwezi, ndipo ngati malipiro anu amadzera kubanki, konzani kuti ndalama ya ngongole izichoka yokha tsiku lomwe mwalandira, musanayambe kugula china chilichonse.