Kuyanjanitsa Abale Okangana pa Malire a Munda

Mikangano ya malire imachuluka mu Okotobala ndi Novembala, anthu akayamba kusosa ndi kukoka mizere. Kaya ndi ku Chingale, ku Jali kapena m'madambo a mpunga a kunyanja ya Chilwa, chimene chimalepheretsa zokambirana nthawi zambiri si kukula kwa malo. Ndi mantha akuti mkhalapakati wadya kale za wina.

Choncho musanaitane anthu pabwalo, kaonaneni ndi mbali iliyonse payokha, tsiku limodzi lomwelo. Mukalandira nsima kwa awa, landiraninso kwa awo, apo ayi kanani konse konse. Anthu a m'mudzi amaona zimenezi ndipo amazikamba. Uzani aliyense kuti mukupitanso kwa mnzake, ndipo zimene wakunong'onezani musakazitulutse popanda chilolezo chake. Mawu amodzi akangodumpha, palibenso adzakuuzeni zoona.

Fufuzani mwini nkhani weniweni. M'midzi yambiri ya ku Zomba munda umatsata kuchikazi, ndiye mkamwini, ngakhale ndiye amalima, sangavomereze malire a munda wa mkazi wake. Pafunika mayi mwini munda ndi mwinimbumba, amene kawirikawiri amakhala malume kapena mlongo wake wamkulu. Mgwirizano wopangana ndi mkamwini yekha umagwa tsiku limene amalume abwera kuchokera kutauni n'kunena kuti iwo sanamve.

Tsiku lokumana, sankhani malo osakhala pakhomo pa aliyense wa awiriwo. Ngati pali chabwalo, chitchulidwe poyera ndi kuperekedwa anthu akuona. Wodandaula ayambe, mnzake asamudule. Akamaliza, bwerezani: "Mayi, ndamva kuti mizere itatu ya kumunsi kwa chulu inali ya agogo anu. Ndamva bwino?" Chitaninso chimodzimodzi kwa winayo. Munthu akamva mawu ake akubwezedwa osapotozedwa, mtima umatsika.

Musathamangire kugamula tsiku lomwelo. Yambani ndi pangano laling'ono loti aliyense akhoza kuliona ndi maso: kwa masabata awiri pasapezeke woika khasu pa mizere yokanganiranayo. Tchulani tsiku lenileni lokumananso, chifukwa "tidzaonana mvula ikagwa" si tsiku. Onse akasunga pangano limeneli, ayamba kukhulupirirana chifukwa cha zimene aona, osati zimene auzidwa. Wina akaliswa, mufunseni payekha kaye. Mwina anatuma aganyu osawalongosolera.

Kenako pitani kumunda komweko pamodzi ndi achikulire olima moyandikana, wina wosankhidwa ndi mbali iyi, wina ndi mbali inayo. Yezani ndi chingwe chimodzi kapena tepi, osati mapazi, poti mapazi a anthu salingana. Samalani ndi zizindikiro. Khwawa limasuntha mvula ikachuluka, ndipo mtengo wa mango ukhoza kukhala wa amene anaudzala pomwe nthaka ndi ya wina. Zikatero, kambiranani za zipatso padera, za malire padera. Mukagwirizana, dzalani khonje kapena vetiva tsiku lomwelo, mbali zonse zikugwira nawo ntchitoyo.

Musakakamize munthu kupepesa pagulu. Wochititsidwa manyazi amavomera ndi pakamwa pokha, chaka chamawa n'kusunthanso mzere usiku.

Lembani zonse m'Chichewa chomveka: kutalika kwa malire, zizindikiro, mayina a mboni ndi tsiku. Werengani mokweza, kenako onse asaine kapena kudinda chala, amfumu aikepo chidindo. Mapepala akhale atatu, la amfumu ndi la banja lililonse.

Zikakanika, nkhani ikwere kwa agulupu, kenako kwa mfumu yaikulu monga T/A Chikowi, Mwambo kapena Malemia, malinga ndi dera lanu. Lamulo la malo a mafumu la 2016 linakhazikitsa makomiti a malo m'midzi komanso mabwalo oweruza milandu ya malo otsogozedwa ndi ma T/A. Koma pakakhala kuopsezana ndi zikwanje kapena kuzula mbewu za mnzake, imitsani zokambirana ndipo kaneneni kupolisi tsiku lomwelo.